Nkhwaira za Bambo Pakhomo

Mpaka lero fungo la mtedza wokazinga mumchenga limandibwezera ku Mandimba, pansi pa mtengo wa mango umene unali kuseri kwa poimira mashapa, timabasi tija timapita ku Cuamba ndi ku Lichinga. Silibwera lokha ayi. Limabwera ndi utsi wa makala onyowa, ndi matope opondedwapondedwa, ndi kafungo ka pepala lakale likakhudzana ndi mtedza wotentha. Linali dzinja, sukulu itatsekera. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo bambo anali atangomwalira kumene.

Bambo ankagulitsa nsomba zouma. Ankapalasa njinga kukazitenga ku Amaramba, n'kubwera nazo m'dengu lalikulu kumbuyo, malaya onse akununkha utsi ndi mchere. Njinga yawo inalibe mabuleki, ndiye ankaiimitsa ndi phazi, kupanikiza nkhwaira pa tayala lakutsogolo. Nkhwairazo zinali zodula ku tayala la galimoto, ndipo yakumanja inali itakumbika kangalande kosalala pakati chifukwa cha ntchito imeneyo. Akafika ankazivulira pa mwala wa pakhomo, pomwe madzi a padenga ankagwera, n'kuzisiya pomwepo ngakhale kumwamba kutada bii. Mvula ikayamba mayi ankatuluka akulongolola, n'kuzitola, kuziombanitsa kawiri, n'kufuula kuti, "Che Saidi, nkhwairazi zinakulakwirani chiyani?" Bambo ankangoseka ali mkati. Anadwala masiku anayi okha. Lachisanu anthu atatuluka mu mzikiti anawanyamula, ndipo pofika madzulo panyumba panangotsala mikeka ndi akazi.

Ine sindinalire. Ndikunena poyera chifukwa anthu anainena kwambiri nkhaniyi, makamaka azakhali, mchemwali wawo wa bambo, amene anabwera kuchokera ku Itepela kudzakhala nafe. Ankauza aliyense wodzapepesa kuti, "Maliro n'kulirana, koma mwana uyu, aa, mtima wake ndi mwala wa mphero." Ndinayesa, abale. Ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukadzitsina, kufinya maso, kuitana nkhope ya bambo m'mutu. Panalibe chotuluka. Zonse zinkamveka patali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Ndinkadya osamva mchere. Tsiku lina ndinaponda khala lamoto, ndipo ndinayamba ndaona chithuza ndisanamve kupweteka.

Mayi analowa eda. Kwathu mwamuna akamwalira, mkazi amakhala panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osavala ndolo kapena zibangili, osapita kumsika kapena kumunda. Mayi anga anawonjezapo zawozawo: analekanso kuyankhula. Ankakhala kuchipinda pa mkeka, atafunda kapulana, chitenje chawo chofwifwa, nkhope kukhoma. Ndikawapititsira madzi ankalandira osandiyang'ana. Azakhali ndiwo ankapita kukapalira m'munda mwathu, kunyamuka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Zovala za bambo anazikulunga m'nsalu n'kuzipachika kudenga, kudikira arubaini, tsiku la makumi anayi, pamene pamaphikidwa sadaka ndipo katundu wa womwalira amagawidwa kwa abale ndi osowa. Nkhwaira zokha anaziiwala. Zinali pansi pa nkhokwe, zitadetsedwa ndi zitosi za nkhuku, ndipo ine ndinaziona koma sindinauze munthu.

Panyumba panali posakhalika, ndiye ndinkangoyenda. Ndi mmene ndinafikira kwa titiya Rozalina, monga tonse tinkawaitanira, mayi wonenepa, wa mawu aakulu, wochokera ku Cuamba kumene amuna awo ankagwira ntchito ya njanji. Chinyanja chawo chinali chokhota, chothiramo Chimakuwa ndi Chipwitikizi, koma chotukwanira makondakitala chinkakwana. Ankakazinga mtedza m'chiwaya chodzaza mchenga, kuusefa ndi chitini chobooleza, n'kuuthira m'timapepala topinda ngati nyanga. Tsiku lina anandiona nditaima chiimire pafupi ndi mbaula yawo. "Iwe menina, mtsikana iwe, maso ngati a nsomba youma bwanji? Tenga, idya." Nditatha mtedza ndinatambasula pepalalo. Chipwitikizi changa chinali cha kalasi yachisanu, mawu ena ndinkangowadumpha, koma ndinamva ndithu kuti pali mkazi amene wakhala pa bedi osagwedezeka, ndipo pansi pafupi naye pali nsapato za mwamuna wake amene anamira mumtsinje, ndipo nsapatozo zikudontha madzi. Pepala linathera pamenepo.

Buku lake linali pansi pa mpando wa titiya, lopanda chikuto, lotupa ndi chinyontho, lokhala ndi madontho a mafuta. Anati amuna awo analitola m'sitima, wina ataliiwala. Iwo ankang'amba kuyambira kumbuyo, poti ndiko kumene guluu anali atamasuka. Ndinawapempha kuti ndiliwerenge. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mpango wanga wakumaliro, kenako anandikankhira bokosi ndi phazi kuti ndikhalepo. "Werenga, koma fulumira. Shapa ya ku Lichinga ikafika ndikudyera masamba asanu." Ndipo zinayenda choncho. Ine ndinkawerenga kuchokera kutsogolo, iwo ankatambasula dzanja pamwamba pa mutu wanga n'kung'amba kumbuyo, ndipo buku linkaonda tsiku ndi tsiku lili m'manja mwanga.

Nkhani za mizukwa ndi majini ndinkazidziwa, ndani sazidziwa? Koma izo zinkatuluka pakamwa pa anthu, ndipo pakamwa pa anthu pamatuluka zambiri. Mabuku amene ndinali nditawagwirapo anali a sukulu, a masamu ndi a mitsinje ya dziko lathu, ndipo pulofesola wathu, mphunzitsi wa kalasi yathu, anali asanatipatsepo buku labodza. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angakhale pansi n'kupeka dala zoopseza anzake, wina n'kumusindikizira. Kwa ine chosindikizidwa chinali choona. Ndinkaliwerenga monga ndinkawerengera kuti mtsinje wakuti umathira m'nyanja yakuti.

Nkhaniyo inkachitika ku dziko lozizira, kumene madzi amauma gwaa m'zitsime ndipo anthu ali ndi mayina aatali. Mwamuna wina anagwa pa mlatho, mtembo osapezeka. Mkazi wake anasiya nsapato zake pakhomo chifukwa chosowa mphamvu zozichotsa. Ndiye zinayamba kusuntha. Lero zili pakhomo, mawa zalowa kuseri kwa chitseko, mkuja zafika pafupi ndi tebulo, nthawi zonse zili zonyowa, zikusiya timadzi pansi. Poyamba sindinkaopa konse. Ndinkangokonda kuti ndikatsegula bukulo mawu a azakhali ankazima, msana wa mayi unkachoka m'maso mwanga, ndipo dzuwa linkayenda. Chimene chinkandikwiyitsa anali anthu a m'nyumbamo. Anakhomera mazenera, kuitana wansembe, kugona ndi nkhwangwa. Zitsiru, ndinkatero mumtima. Munthu wanu akubwera, inu n'kumatseka?

Maganizowo sanabwere ngati chinthu chachikulu. Ndinangodzuka tsiku lina ndikudziwa chochita. Azakhali atanyamula khasu, ndinakwawira pansi pa nkhokwe, kutulutsa nkhwaira, kuzitsuka pachitsime, n'kuziika pa mwala wa pakhomo, zala zake zitaloza m'nyumba monga bambo ankazisiyira. Kenako ndinapita kwa titiya. Tsikulo kunawala ngwee, ndipo pobwera ndinazipeza momwe ndinazisiyira, zitatentha. Ndinazibisanso azakhali asanafike. Mawa lake chimodzimodzi. Sindinakhumudwe, poti nthawi imeneyo kukhumudwa ndinalibe nako.

Tsiku lachitatu mvula inagwa masana, ya matalala, yothamangitsa ogulitsa onse kulowa m'mabaraka, timisasa togulitsiramo. Itakata ndinabwerera kunyumba ndikuterereka m'matope. Pa mwala panalibe kanthu. Ndinakankha chitseko pang'onopang'ono, ndipo nkhwaira zinali pomwepo, mkati, kuseri kwa chitseko, zitandandalikidwa bwinobwino. Thupi lonse linachita tsemwe. M'makutu munayamba kulira, miyendo inafuna kuthawa koma osadziwa kolowera. Anali mantha, mantha enieni, ndipo chinali chinthu choyamba kuchimva chiwaikireni bambo m'manda. Ndinaima pamenepo ndikunjenjemera, ndikusangalala nako kunjenjemerako, monga mwendo umene unachita dzanzi ukayamba kubayabaya.

Mwina mukufunsa kuti, kodi sunaganizeko za mayi ako? Ayi, sindinaganize. Mayi kwa ine anali atasanduka katundu wa kuchipinda, ndipo kunena zoona sindinkafunanso kuganiza. Ndinali ndi buku, ndipo buku linanena kale. Ndinaona kuti tsiku la dzuwa nkhwaira sizisuntha, koma mvula ikagwa zimalowa, ndiye ndinamvetsa kuti bambo amabwera ndi mvula, ngati mnzawo wa pa mlatho uja. Ndinayamba kuyang'ana kumwamba kuposa alimi. Mitambo ikasonkhana cha ku mapiri a Ngauma ndinkasiya kumva zimene ndikuwerenga. Masabata pafupifupi atatu anapita choncho: m'mawa kuika, madzulo kupeza mkati kapena kunja, kenako kubisa. Chondivuta chinali chimodzi. Za m'buku zinkapita patsogolo tsiku lililonse, koma zathu sizinkapitirira kuseri kwa chitseko. Ndinkati mwina pali china chimene mkazi uja anachita chimene ine sindinachipeze, ndipo ndinkawerenga mothamanga kuti ndikachipeze.

Koma titiya nawo ankagulitsa. Tsiku lina zala zanga ndi zawo zinakumana pa tsamba limodzi. Nsapato zinali zitafika pa chitseko cha kuchipinda, mkazi uja atagwira kandulo, ndipo kuseri kwa tsambalo kunalibenso china. Titiya anandidikira kuti nditsirize mzere womaliza, kenako analitenga n'kulipinda nyanga. Ndinawafunsa kuti nanga zinatha bwanji. "Ine ndidziwa? Kafunse anthu a ku Lichinga, ndiwo anadya mathero ake." Anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinayenda m'ngalande yonse ya poimira mashapa ndikutola timapepala. Tonse tinali phala, zilembo zitasungunuka, tina tomatirira ku makoko a nthochi.

Madzulo ake azakhali anatsitsa mtolo wa zovala kudenga, poti arubaini inali itatsala masiku anayi. Anayala malaya, kofiya, jekete la mvula, akutchula woti adzalandire chilichonse. Kenako anaima. "Nanga nkhwaira za achimwene zinalowera kuti?" Anafunsa molunjika kuchipinda, koma mayi sanayankhe. Anatembenukira kwa ine, ine ndinayang'ana pansi. Anati azifuna mpaka azipeze, poti katundu wa womwalira satsalira m'makona. Ndinadziwa kuti zikapita nkhwairazo bambo sadzakhalanso ndi polowera. Buku linali litatha, masiku anali atatha. Ndinaganiza kuti ngati bambo akuchita manyazi kupitirira chitseko, ndiwadikire ndekha ndiwauze kuti alowe.

M'mawa mwake azakhali anasenza chimanga kupita kuchigayo. Ndinaika nkhwaira pa mwala, koma kwa titiya sindinapite. Ndinalowa m'chisakasa chophikira, kuseri kwa nkhuni, pomwe panali mpata woonera pakhomo. Munkanunkha phulusa lonyowa ndi nkhuku. Ndinakhala pamenepo mpaka nyerere zinandizolowera. Dzuwa litapitirira pamutu kunada, mphepo inayamba kugwetsa masamba a mpapaya, kenako madontho akuluakulu anayamba kumenya fumbi. Ndinaluma mpango kuti mano asamveke. Sindinkadziwa kuti atulukira kuti, kumsewu kapena pansi penipeni, ndiponso ngati abwera atavala sanda, nsalu yoyera ya kumanda. Ndinakonza mawu oti ndinene, moni wake ndi zonse. Madzi a padenga anayamba kugwera pa nkhwaira.

Chitseko chinatseguka, koma wochitsegula anali mkati. Anatuluka mayi. Ndinali ndisanawaone ataimirira pa kuwala chiyambire eda, ndipo anali ataonda kwambiri, mikono yopanda zibangili ngati ya munthu wina. Anayang'ana kumsewu kaye, nthawi yaitali ndithu, mvula ikuwamenya kumaso. Kenako anawerama, kutola nkhwaira, kuziombanitsa kawiri, kuzipukuta ndi nsonga ya kapulana. Ndipo anayankhula, ndi mawu osasa, otsika, oti ndikanakhala patali pang'ono sindikanamva. "Che Saidi, nkhwairazi zinakulakwirani chiyani?"

Sindikudziwa mmene ndinatulukira m'chisakasa muja. Ndinangopezeka ndaima pabwalo, madzi akuyenderera m'khosi. Mayi anandiyang'ana, n'kuyang'ana nkhwaira zili m'manja mwawo, n'kuyang'ananso ine.

"Ndiwe umaziika?"

"Ndine."

"Masiku onsewa?"

Ndinagwedeza mutu. Anakhala pansi pa mwala womwewo, pa madzi pomwepo, nkhwaira zili pamiyendo. "Oho," anatero. Kenako anawonjeza kuti, "Lowa, Asiyatu, unyowa." Ndinalowa. Mantha aja anali atapita, ndipo m'malo mwake simunabwere kanthu.

Pa arubaini panabwera anthu ambiri, mpunga unaphikidwa m'miphika yobwereka, a shehe anawerenga dua yopempherera bambo. Nthawi yogawa katundu itakwana, mayi anatulutsa nkhwaira pansi pa mkeka wawo n'kupatsira azakhali. Azakhali anaziika pamodzi ndi zovala zija. Zinapita kwa bambo wina wowotcha makala amene ankayenda wopanda nsapato. Ndinawakwiyira mayi chamumtima. Ndinkati anandinamiza kawiri, poyamba posuntha nkhwaira, kachiwiri pozipereka, ndipo kwa masiku angapo madzi ndinkangowaikira pakhomo la chipinda n'kuchoka.

Patapita masabata awiri ndinali kwa titiya, ndikuwathandiza kusefa mtedza. Tsopano ankakulungira m'makope akale a ana asukulu. Kunabwera munthu pa njinga atamanga matumba awiri a makala, akutsetsereka kuchokera kumtunda. Atayandikira anatukula phazi lakumanja n'kulipanikiza pa tayala lakutsogolo, ndipo tayala linalowa bwinobwino m'kangalande kaja, n'kulira kulira kwake komwe kuja ndinkakumva madzulo aliwonse ndili pabwalo. Njinga inaima. Ndinagwetsa chitini. Kulira kumene azakhali anakufuna masiku makumi anayi kunatulukira pamenepo, pakati pa makondakitala ndi ogulitsa nthochi, kulira konyansa, kwa mamina ndi kukuwa. Bambo wa makala anasokonezeka, akufunsa ngati wandiponda. Titiya anandikokera pachifuwa pawo akutukwana aliyense woima kuonerera, ndipo mtedza wonse wa m'chiwaya unapserera.

Lero ndimakhala ku Cuamba, ndipo mabuku a mtundu umenewo ndawerenga ambiri, a zikuto zawo ndi mathero awo. Ndimawakonda ndithu, makamaka mtima ukalema, ngakhale palibe limene linandigwira ngati lija la theka. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo ndinasiya kulifunafuna. Mayi anatuluka eda chimanga chitacha, anavalanso zibangili, anakalamba, ndipo za nkhwaira sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndili mwana ndinkati "oho" uja anali mawu a munthu amene wagwira wakuba. Ndinafika pokhala ndi ana anga ndisanaganizepo mmene dzinja lija linkaonekera kuchokera kuchipinda. Mayi ali okha m'nyumba, amva mvula, atsegula chitseko, apeza nkhwaira za amuna awo pa mwala, zala zitaloza mkati. Azilowetsa. Madzulo ayang'ana kuseri kwa chitseko, palibe. Iwo analibe buku lowauza kanthu, koma sanauze azakhali, sanaitane a shehe, ndipo atafunsidwa anakhala chete monga ndinakhalira ine. Asanawerame ankayamba ayang'ana kumsewu. Nthawi yonse ija ndinkayesa kuti m'nyumba muja wodikira ndinali ndekha.